Njinga ya Tonse Yagona ku Monkey Bay

Osewera:
ANAPHIRI, mayi wogulitsa usipa, msungichuma wa gulu la njinga
A MBEWE, neba wawo, woperekeza alendo ku zilumba, wapampando wa gulu lomwelo

(M'mawa ku Chembe. Mafunde, atambala, injini ya boti ikumveka patali. Kenako wina akumenya chitseko cha malata.)

ANAPHIRI: Odi kuno! A Mbewe! Ndikudziwa muli momwemo, nkhwaila zanu nazi pakhonde.

A MBEWE: (ali m'nyumba) A Mbewe kulibe, apita ku Thumbi ndi azungu.

ANAPHIRI: Ndiye akuyankhawo ndi mzimu wawo? Tulukani, bambo a Chikondi, ndisanaitane mudzi wonse.

(Chitseko chikulira.)

A MBEWE: Aa, ndi anaPhiri kodi? Mwadzuka bwanji aneba?

ANAPHIRI: Ndadzuka ndi matumba awiri a usipa amene ndawola pathandala usiku. Wogula akundidikira kumsewu waukulu. Ndapita pamlambe paja mumati pasiteshoni, ndapeza tcheni, loko ndi mbuzi ya a Gama. Njinga ili kuti?

A MBEWE: Njinga ili bwinobwino.

ANAPHIRI: Sindinafunse za moyo wake. Ndati ili kuti?

A MBEWE: Ili pa siteshoni ina.

ANAPHIRI: Siteshoni tili nayo imodzi, mlambe uwo.

A MBEWE: Dzulo ndatsegula nthambi yachiwiri. Ku Monkey Bay.

ANAPHIRI: Mayo ine! Mwaisiya ku Monkey Bay? Inuyo mwabwera bwanji?

A MBEWE: Pa matola. Tamverani kaye, mayi a Tadala, musakweze mawu, ana akugona. Kayendetsedwe kake ndi komweko. Ku London anayamba mu 2010. Munthu umatenga njinga pano, kupalasa, ukafika komwe ukupita n'kuisiya komweko. Subwerera nayo ayi. Wobwerera nayo ndiye kuti sanamvetse.

ANAPHIRI: Ku London njingazo zilipo zingati?

A MBEWE: Masauzande.

ANAPHIRI: Ife tili nazo zingati?

A MBEWE: Pakali pano imodzi, koma masomphenya...

ANAPHIRI: Masomphenya anu ndikwezapo usipa? Mabanja khumi tinasonkha kwa miyezi isanu ndi umodzi ku banki mkhonde. Tili pafupi kukwanitsa, kwacha n'kugwa mu Novembala 2023 muja, mtengo n'kuthawa, ife n'kuyambiranso kusonkha. Inu munaimirira pansi pa mlambe ndi chipewa chanu ichi, mvekere mutu umodzi susenza denga. Lero denga mwalisenza nokha mwakalitula ku Monkey Bay.

A MBEWE: Kodi msewu uja mumaudziwa? Makilomita opitirira 20, ndiponso pobwera dzuwa linali litapendeka. Mapiri a m'paki muja munawakwerapo pa njinga inu? Anyani atakhala m'mbali mwa msewu kukuyang'anani mukukankha, thukuta kamukamu, wina mpaka kukutsatirani chifukwa wanunkhiza mabanzi.

ANAPHIRI: Popita munatsetsereka bwino.

A MBEWE: Popita ndinakankhanso! Msewu uja ndi wa mfiti, chitunda chimakhala kutsogolo kwako uku ndi uku. Ndipo vuto la zitunda si la ine ndekha. Mzungu wina wa ku France, ndikumuperekeza ku Domwe kukaona nsomba za mbuna, anandifotokozera. Ku Paris anayamba mu 2007. Kuli kaphiri kotchedwa Montmartre. Anthu m'mawa amatenga njinga pamwamba n'kutsetsereka nazo, madzulo palibe wofuna kukwera nazo. Pamwamba mbee, pansi zadzaza.

ANAPHIRI: Ndiye anatani?

A MBEWE: Magalimoto amazinyamula kuzibwezera pamwamba. Komanso amene wakwera nayo chitunda ankamuonjezera mphindi 15 zaulere, ngati kumuthokoza.

ANAPHIRI: Eya. Galimoto yathu yobwezera njinga ili kuti?

A MBEWE: Imeneyo ndi nkhani ya msungichuma.

ANAPHIRI: M'thumba la gulu muli ndalama zogulira solushoni ndi zigamba ziwiri. Zina zonse zili m'ngongole, ndipo dzina loyamba m'kope ndi lanu.

A MBEWE: Poti mwatchula kope, dikirani.

(Mapazi, kenako mapepala akutembenuzidwa.)

A MBEWE: Nali kope. Lamulo loyamba: wotenga njinga alembe dzina, nthawi ndi komwe akupita. Lachiwiri lapitali, anaPhiri, kutenga 6 koloko m'mawa, komwe akupita: "pompano". Kubweza: Lachitatu madzulo. Pompano pamenepa ndi ku Mozambique?

ANAPHIRI: Kunali maliro kwa mlamu wanga.

A MBEWE: Pepani ndithu. Koma ku London ukapitirira nthawi yako, makina amadula ndalama okha ku akaunti yako. Safunsa kuti wamwalira ndani.

ANAPHIRI: Makina opanda ulemu amenewo akhale komweko.

A MBEWE: Lamulo lachitatu: katundu asapitirire mphamvu ya kaliyala. Njinga ya Buffalo kaliyala wake anamupangira makilogalamu 100. Inu munamangapo matumba awiri a usipa, beseni la utaka, pamwamba pake n'kukhazikapo mlamu wanu yemwe uja, wamoyo. Masipoko atatu anathyoka. Limu inayamba kuvina. Ndinkapalasa njinga ikupita uku, ine ndikupita uko.

ANAPHIRI: Masipoko anathyola ndi Chikondi wanu, podumpha nayo mizu kumanda a amishoni ku Otter Point kuja kuti atsikana amuone.

A MBEWE: Mwana amaphunzira mbiri ya dziko lake! Amishoni a Livingstonia anafika pano mu 1875, a Robert Laws ali momwemo...

ANAPHIRI: N'kusamuka mu 1881 kupita ku Bandawe. Ndikudziwa, mumawauza azungu tsiku lililonse pakhomo panga pomwe. Amati anathawa malungo. Ine ndikuganiza anali ndi neba ngati inu.

A MBEWE: Nanga fungo? Tikambe za fungo. Ndinapita pa njinga ija kukalandira alendo ku loji, nditavala malaya oyera. Ndikutsika, amphaka atatu ali pambuyo panga. Mzimayi wa ku Germany anandifunsa ngati ndimagona m'bwato.

ANAPHIRI: Fungo limenelo ndi limene linagula njinga. Theka la anthu a m'gulu lathu ndi a usipa. Azungu anu anasonkhapo zingati? Ndiponso chishalo mumachikweza mpaka kumwamba, n'kumanga ndi sipanala yanu, sipanalayo n'kuibisa. Ine ndi chitenje changa ndizikwera ndi makwerero?

A MBEWE: Miyendo ndinachita kupatsidwa ndi Mulungu.

ANAPHIRI: Belu munapatsidwanso ndi Mulungu? Lili kuti belu?

A MBEWE: Belu lili m'boti. Timaitanira nkhwazi tikamaziponyera nsomba, alendo amasangalala.

ANAPHIRI: Nkhwazi zimabwera ndi likhweru chiyambire makolo athu! Pampu nayo?

A MBEWE: Pampu anabwereka a Gama.

ANAPHIRI: A Gama sali m'gulu.

A MBEWE: Ndiye chifukwa chake anabwereka. Akanakhala m'gulu akanangotenga.

(Mbuzi ikulira. AnaPhiri akuwomba m'manja kamodzi.)

ANAPHIRI: A Mbewe, tandiuzani zoona. Kumene munazitenga nzeru zimenezi, zinayenda bwino?

A MBEWE: Kwambiri. Ngakhale muno mu Africa. Ku Marrakech, dziko la Morocco, anayamba mu 2016. Ku Kigali mu 2021, unkangoloza foni njinga n'kutseguka yokha. Chembe ikanatsatira. Paki yathu ino anaikhazikitsa mu 1980, a UNESCO n'kuilemba m'kaundula wa malo a dziko lonse mu 1984. Malo otchuka chonchi angalephere njinga imodzi?

ANAPHIRI: Tadala anandionetsa zithunzi pa foni yake. Ku China, cha m'ma 2017 ndi 2018. Njinga zachikasu, zabuluu, zofiira, zounjikidwa mulu wautali kuposa nyumba, udzu n'kumera pakati. Makampani anathira njinga m'misewu mopanda muyeso, anthu n'kumazisiya paliponse, boma n'kumazitola. Kampani ina itagwa anthu anaima pamzere kufuna madipoziti awo.

A MBEWE: Kumeneko zinachuluka njinga. Ife vuto limenelo tinalipewa.

ANAPHIRI: Tinalipewadi, tilibe ndi imodzi yomwe.

A MBEWE: Chiyambi chimavuta kulikonse. Ku Amsterdam mu 1965 achinyamata anapaka njinga penti yoyera n'kuzisiya m'misewu osakhoma, kuti aliyense akwere. Apolisi anazitola zonse, ati njinga yosakhoma ikuitana akuba. Lero pitani mukaone, mzinda wonse ndi njinga zokhazokha.

ANAPHIRI: Mwatchula kukhoma. Loko ndi tcheni zili pamlambe. Ku Monkey Bay mwakhoma ndi chiyani?

(Chete. Mafunde.)

A MBEWE: Ndakhoma ndi chikhulupiriro.

ANAPHIRI: Ambuye ndigwireni dzanja!

A MBEWE: Ndaisiya kwa mnyamata wokonza njinga pafupi ndi msika. Munthu wabwino, amapemphera.

ANAPHIRI: Dzina lake?

A MBEWE: Amavala kapu yofiira.

ANAPHIRI: Mwaisiyiranji kwa wokonza njinga ngati ili bwinobwino?

A MBEWE: Tayala lakumbuyo linatopa pang'ono.

ANAPHIRI: Linaponja.

A MBEWE: Linapuma. Chubu chija chili ndi zigamba zambiri kuposa chubu chenichenicho, mayi. Aliyense akaponjetsa amangopopa, kuthamanga nayo kudzaiimika pamlambe, n'kulemba m'kope kuti "yabwera bwino". Wotsatira ndiye aziona. Inuyo sabata yatha munamanga poboola ndi mphira wa legeni, n'kulemba kuti "ili ngati yatsopano".

ANAPHIRI: Unagwira mphirawo kapena sunagwire?

A MBEWE: Unagwira mpaka pageti la paki.

ANAPHIRI: Ndiye vuto ndi kulemera kwanu. Ku London kwanuko ikaponja amakonza ndani?

A MBEWE: Kuli anthu olembedwa ntchito. Umangodina batani pamalo oimikapo, njingayo n'kukhomeka, amakaniko n'kubwera kudzaitenga.

ANAPHIRI: Amalipidwa ndi ndani?

A MBEWE: Okwera amalipira, mzinda umaikapo, ndiye pali banki imene imalemba dzina lake panjingapo n'kupereka ndalama zambiri.

ANAPHIRI: Oho! Tsono pamsonkhano paja munatiuza za foni, za makina, za azungu ovala masuti akupalasa. Za amakaniko, za galimoto ndi za banki munazisiya m'boti. Ife munatipatsa mlambe ndi kope.

A MBEWE: Banki tili nayo. Banki mkhonde. Tikhoza kulemba dzina lake pa madigadi.

ANAPHIRI: Madigadi anachoka pa Khirisimasi.

(Foni ikulira.)

A MBEWE: Taonani, ndi yemweyo wa kapu yofiira. Mumve nokha kukhulupirika kwa anthu. Halo, achimwene! Ee, ndine. Mwamata? Zikomo kwambiri. Mwati bwanji? Aa. Kuyambira dzulo madzulo? Ayi, sindinanene choncho ine. Ndinati ndi njinga ya tonse, koma tonse wake... Halo? Halo?

ANAPHIRI: Akuti chiyani?

A MBEWE: Akuti tayala wamata.

ANAPHIRI: Zinazo?

A MBEWE: Akuti poti ndinamufotokozera bwino za ku London, wamvetsa. Waipereka kwa mng'ono wake. Ikuchita kabaza.

ANAPHIRI: Njinga yathu? Kabaza?

A MBEWE: Waikapo kale khushoni pakaliyala. Akuti anthu akuikonda, ndi yolimba. Panopa yanyamula mayi wina ndi nkhuku zake, yalowera njira ya ku Mangochi.

ANAPHIRI: Ndalama zake?

A MBEWE: Akuti akudula za chigamba, za khushoni ndi zogonetsa njinga usiku. Zikatsala atiuza.

ANAPHIRI: Valani nsapato.

A MBEWE: Ndili ndi alendo 9 koloko, akufuna kukaona...

ANAPHIRI: Mbuna sizisamuka. Valani nsapato, musenze thumba limodzi ili, ine ndisenza linalo. Tikwera njinga zamoto mpaka ku Monkey Bay, usipa ndikagulitsa komweko, inu mukasaka kapu yofiira.

A MBEWE: Thumba la usipa pa malaya awa?

ANAPHIRI: Amphaka akukudziwani kale.

A MBEWE: Chabwino. Koma popeza ndi ulendo wa gulu, thiransipoti ichoke m'thumba la gulu. Ndipo pobwera ndikapalasa ine, mundilembere mphindi 15 zaulere pa chitunda chilichonse, monga ku Paris.

ANAPHIRI: Pobwera mupalasa inu, ine ndikhala pakhushoni.

A MBEWE: Makilogalamu 100, mayi a Tadala. Lamulo lachitatu.

ANAPHIRI: Mukuti chiyani? Tabwerezani!

A MBEWE: Ndikuti khushoniyo si ya gulu, tiyenera kukambirana kaye pamsonkhano...

(Njinga yamoto ikuyandikira, hutala.)

ANAPHIRI: Iwe mnyamata, ima! Anthu awiri ndi matumba awiri, ku Monkey Bay. Alipira bambo awa.

A MBEWE: Usamvere zimenezo mphwanga, awa ndi msungichuma. AnaPhiri, thumbali likudontha!

ANAPHIRI: Usipa wouma sudontha, limenelo ndi thukuta lanu. Kwerani, musunthire kutsogolo.

A MBEWE: Dikirani, sitinalembe m'kope komwe tikupita.

ANAPHIRI: Lembani kuti pompano.

(Injini ikulira mwamphamvu, mbuzi ikuthawa, mawu a awiriwo akupitirira kukangana mpaka kuzimirira.)