Ine, Mose ndi Masamu

Anthu a kuchigwa, amene amagona osafunda ku Golomoti ndi ku Mtakataka, sangamvetse mayesero amene amagwera munthu wa kuno kumtunda mwezi wa June ukafika, nkhungu itakuta phiri la Dedza kuchokera pansonga pake, pamene ndi mamita oposa 2,000, kufikira m'minda yathu ya kachewere, makamaka ngati munthuyo, ndi imvi zake zomwe, analumbira pamaso pa mkazi wake kuti azidzuka tambala woyamba kuwerenga Mawu a Mulungu, kenaka masamu. Munthuyo ndine. Nditagulitsa kachewere m'mbali mwa msewu wa M1 kufikira ana anga atandipitirira msinkhu, ndinakalembetsa sukulu ya masana kuti ndilembe mayeso a MSCE, ndipo anyamata amene ndimakhala nawo pa benchi amanditcha madala, ena osowa mwambo amati agogo. Walira mvula walira matope.

Chida changa pa nkhondo imeneyi ndi Buku Lopatulika limene anandisiyira malemu bambo anga, lachikuto chakuda chosokedwa ndi ulusi wa thumba la feteleza. Bukuli linatuluka koyamba mu 1922, atalikhetsera thukuta zaka zambiri Mbusa William Murray wa ku Nkhoma ndi anzake. Ndipo ndikhulupirira kuti akuluakuluwo, pomasulira Salimo 127, limene limachenjeza olawirira ndi kutchula tulo ngati mphatso, anali kulingalira za ine ndi chisanu cha kwathu kuno. Salimo limeneli ndakhala ndikulimvera ndi mtima wanga wonse, ndili chifundire.

Tsiku lina, masamu atandizunguza mutu, ndinatsinzina ndi kutsegula bukulo paliponse pamene chala chikagwere, monga achitira anthu ofuna yankho lamsanga, ndipo taonani, ndinagwera pa Numeri chaputala 1, pamene palibe chitonthozo china koma manambala okhaokha. Ndinati ichi ndi chizindikiro. Ndinatenga kope, ndi kundandalika mafuko onse 12, kuyambira Rubeni kufikira Nafitali, ndi kuwonkhetsa mofatsa, lilime lili panja. Mose ndi Aroni anapeza amuna 603,550. Ine ndinapeza operewera ndi zikwi zambiri, kotero kuti khamu la anthu a eni ake linasokera m'chipululu chifukwa cha pensulo yanga. Nditabwereza, anachuluka kuposa a Mose, osadziwika kumene alendowo achokera ndi amene adzawapatse mana. Mlandu umenewu sunagamulidwe kufikira lero. Koma popeza mnzangayo anakulira kunyumba ya Farao, kumene aphunzitsi sanali kusowa ndiponso kunalibe chisanu, ndamusiyira dala.

Pa mayeso oyeserera ndinakumbukira Yoswa, amene anaimitsa dzuwa ku Gibeoni kuti atsirize ntchito yake, ndipo ndinayang'anitsitsa wotchi ya pakhoma ndi chikhulupiriro chosagwedezeka. Pamene ndinati ameni, aphunzitsi anali atayamba kale kutolera mapepala. Za Utiko, mnyamata wa ku Trowa amene anawodzera pazenera Paulo akulalikira mpaka pakati pa usiku, sindinena zambiri. Iye atagwa anadzutsidwa ndi mtumwi. Ine, nditagwa pa benchi nthawi ya Jogalafe, ndinadzutsidwa ndi phwete la ana a dzana.

Tsono vuto la buku lalikulu chotere ndi lakuti ena nawonso amaliwerenga. Mayi a kunyumba kwanga, amene sajomba ku Chigwirizano ndipo mavesi amawadziwa pamtima, anandilezera mtima kufikira m'mawa wina pamene anandipeza ndikumvera Salimo langa lija dzuwa litatuluka kale. Anagwada pakhomo mwaulemu wonse, pakuti ndi munthu wolangizidwa bwino, nati: "Abambo, pepani, mukadzuka mutsegule Miyambo chaputala 6, muone za nyerere. Mukatha pamenepo, mupite pa 2 Atesalonika chaputala 3, pali uthenga wanu." Ndinatsegula, ndipo ndinapeza kuti mtumwi yemwe uja anachitira chifundo Utiko alibe chifundo chilichonse ndi m'mimba mwa munthu wokana ntchito.

Kuyambira tsiku limenelo, nsima simabwera pamphasa kufikira kope la masamu litaonetsedwa, ndipo mwana wathu wotsiriza, amene ali Fomu 2, ndiye anaikidwa kukhala woweruza, ndi cholembera chofiira chimene ndinagula ndi ndalama zanga. Ndinakadandaula kwa mkulu wa mpingo, koma anangondiuza kuti nawonso kwawo zinthu sizili bwino. Pakali pano ndikufufuza m'Malemba ngati pali lamulo loletsa mkazi kubisa ndiwo. Ndayambira ku Genesis, ndipo ndafika pakati pa Levitiko, pamene ndangopeza kuti nyama zina zimene ndimazikonda n'zoletsedwa.