Bwalo la mphuno ku Bembeke

Galu wa ku Bembeke sadziwa za nthawi ya chakudya. Amadzuka nkhungu idakali kuphimba mapiri, n'kuyamba kuyendera makomo: apa nkute, apo mutu wa usipa, masana n'kutsetserekera kumsika wa pamphambano ya M1 kumene amayi a ndowa za kachewere ndi milu ya kabichi amamudziwa ndi dzina lomwe. Mwini wake akakumbuka kuti ali ndi galu amamuphikira madeya. Akaiwala, galuyo sasunga chakukhosi. Mayina a agalu nawonso ndi makalata opita kwa aneba: Mudzatopa, Nenani, Ndilibemlandu. Ukaitana galu wako mokweza madzulo, ndiye kuti mlandu wa malire a dimba wauyankha kale.

Ndiye kudabwera abwana ena opuma pantchito ku Lilongwe, ali ndi galu wamtundu wa German Shepherd, dzina lake Duke, wokhala ndi kabuku kakekake ka kuchipatala. Abwanawa adawerenga pa Facebook kuti galu weniweni ndi mdzukulu wa mmbulu, sayenera kudya zophika. Nsima, ati, imamupusitsa. Chakudya chake ndi minsi ya nkhuku, yaiwisi, m'mawa ndi madzulo.

Nkhaniyi idafika kuchigayo abwana asadamasule n'katundu yemwe. Kuno nkhuku imafa pa zifukwa zomveka: kwabwera mlendo wolemekezeka, ndi Khirisimasi, kapena chitopa chalowa m'khola ndipo mpeni ukuchita mpikisano ndi matenda. Nthutumba ndi ya bambo, ana alimbirane zipalapasiro. Tsono kumva kuti kuli nkhuku yopanda fupa, yogayidwa, yogulidwa pa sikelo, ndipo woidya ali ndi miyendo inayi, anthu adangoti, "Tiona."

Vuto n'lakuti minsiyo imachokera ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100, ndipo imabwera pa minibasi. Imanyamuka itauma gwa. Pa Nathenje minibasi iima. Pa Kamphata iima. Pa Chimbiya kondakitala alumbira kuti kwatsala munthu mmodzi yekha, dalaivala n'kupita kukameta. Pofika pa Linthipe jumbo ija yayamba kudontha timadzi tofiirira pa nsapato za munthu wosalakwa. Ikafika kunyumba ilowa m'filiji, magetsi n'kuzima.

Abwana sadandaula. Iwo amati Bembeke yense ndi filiji, ndipo umboni wawo ndi ansembe a White Fathers, amene atakhazikika ku Mua, kuchigwa kotentha, mu 1902, adakwera phiri n'kudzatsegula mishoni kuno mu 1910. Kuzizira kulipodi, Juni ndi Julayi madzi a m'ndowa amaluma zala. Koma nyama yaiwisi imafuna madigiri osaposa 5, ndipo mlandu umene ndikunenawu udachitika mu Okutobala.

Bwalo loweruza ngati minsiyo yaonongeka limakhala pakhonde la kuseri. Oweruza ndi alonda, mayi wochapa, aphunzitsi opuma a nyumba yoyandikana, ndi alamu ake abwana, munthu amene mapazi ake amadziwa okha nthawi imene filiji yatsegulidwa. Mbale ya minsi iyamba kuyenda. Alonda ainunkhiza patali, kenaka pafupi, atseka maso, ayang'ana kumwamba. Mayi wochapa adina ndi chala, nachitukula pang'onopang'ono kuti onse aone ngati ikunanda ngati therere. Aphunzitsi avala magalasi, aitembenuza ndi supuni, nati m'mbali mwatuwa koma pakati padakali pofiirira, ndiye iwo apereka 55 pa 100. Alamu sanunkhiza msanga. Amayamba afunsa kuti ilipo makilogalamu angati.

"Bwana," atero alonda, chipewa chili m'manja, "kwa a Duke, ayi. Mimba yachizungu ija singapirire. Tingadzalire tonse pano."

"Ndiye tiitaye?"

Chete. Mayi wochapa ayang'ana pansi.

"Kutaya chakudya n'tchimo, alamu," atero alamu aja mofatsa. "Ife anthu matumbo athu adazolowera mavuto. Kaanyezi, katomato, kamchere, moto wambiri. Tingodzipereka."

Chigamulo chimenechi sichisintha. Minsi ikanunkha, ndi yoopsa kwa galu. Ikapanda kununkha, ndiye yoopsa koposa, chifukwa, malinga ndi aphunzitsi, mdani woipitsitsa ndi wosaoneka. Pabwaloli sindidamvepo nyama itapezeka yosalakwa.

Tsiku lina abwana adakayika, nati aitane katswiri wosakondera. Adaitana Mudzatopa, galu wa aphunzitsi, amene mbiri yake ya zakudya ili ndi nkhuku zofa ndi chitopa, chikopa cha mbuzi, ndi theka la patapata. Adamuikira kachidutswa pansi kuti aone ngati akana. Mudzatopa adameza kachidutswako, n'kulumphira mbale yonse, n'kudutsa pampanda asadatafune. Alonda adakwiya kwambiri, nati mboni yotere siyenera kuloledwa m'bwalo chifukwa imadya umboni.

Munthu yekhayo amene adalankhula zanzeru ndi mlangizi wa ziweto, amene adapatuka ndi njinga yake yamoto akulembera agalu a katemera wa chiwewe. Iye adati mphuno imangodziwa nyama yovunda, koma tizilombo totsegula m'mimba monga salmonella ndi campylobacter, timene timakonda nkhuku yaiwisi, tilibe fungo ndipo sitisintha mtundu wa nyama. Adati nyama yogaya imaonongeka msanga kuposa nthuli, chifukwa chopukusira chija chimatenga tizilombo ta pamwamba n'kutisakaniza paliponse, ndiye ikasungunuka isapitirire tsiku limodzi kapena awiri, ngakhale m'filiji yoyaka. Galu, ati, akhoza kudya osadwala, koma tizilomboto amatitulutsa pabwalo pomwe pakukwawa zidzukulu, ndipo lilime lomwelo ndi limene akanyambitire mwana kumaso. Yabwinobwino iphikidwe mpaka kufiira konse kuthe, mbale ndi manja zitsukidwe ndi sopo. Koma imene yayamba kale kununkha ndi kunanda, adatsindika, moto sungaipulumutse, ikwiriridwe.

Aliyense adatolapo zake. Abwana adamva zakuti galu akhoza kudya osadwala. Bwalo lidamva zakuti iphikidwe. Mawu omaliza aja a kukwirira palibe adawamva, ati pamsewu pankadutsa lole ya mbatata.

Chimene abwana sakudziwa, ndipo Bembeke yense akudziwa, n'chakuti Duke adasiya kale kudikira chigamulo. Usiku amakagona pakhomo pa kanyumba ka alonda, kumene amalandira nsima ya madeya yonyika m'msuzi wa usipa, n'kunyambita mbale mpaka kuigubuduza. Wanenepa, ubweya ukuchita kunyezimira. Lamulungu pochokera ku tchalitchi abwana amaima naye pamsewu n'kumauza anthu kuti aone okha mphamvu ya nyama yaiwisi. Alonda amavomera ndi mutu. Nawonso masaya adzadza.

Sabata yatha abwana adalengeza kuti popeza zotsatira zikuoneka, oda ikwera kuchoka pa makilogalamu 2 kufika pa 4. Alamu adayamikira nzeruzo, n'kuwonjeza kalangizo kamodzi: katunduyo azibwera pa minibasi ya masana, ija yoima paliponse, chifukwa za m'mawa zimathamanga udyo.