Ulemu upite kwa fomu ya timabokosi tisanu

Pa zida zonse zimene anthu ophunzira amafufuzira chimene chimam'patsa munthu mtima wolimbikira ntchito, palibe chofatsa ngati fomu ya mafunso. Sidya zambiri: mapepala atatu, fotokope ndi envelopu. Sikwiya ukaipinda, sidandaula ukaikhazikapo kapu ya tiyi. Komabe madigiri amene yabereka ndi osawerengeka, ndipo palibe anaiimbirapo nthungululu. Lero ndi tsiku lake.

Kholo lake ndi Rensis Likert wa ku America, amene mu 1932 anayala njira yopimira maganizo a munthu pa masitepe asanu, kuchokera pa "ndikutsutsa kwambiri" kukafika pa "ndikuvomereza kwambiri". Chiyambire pamenepo, mkwiyo wa munthu amene wakhala zaka khumi osakwezedwa umakwana bwinobwino m'kabokosi kochepera chikhadabo.

Taonani ulemu wake ikalowa mu ofesi. Pamwamba imalonjeza kuti dzina musalembe, zonse ndi zachinsinsi. M'munsi mwake imangofunsa pang'ono chabe: dipatimenti, giredi, zaka zakubadwa, mwamuna kapena mkazi. Mayi mmodzi yekha wa ku akaunti amene anapitirira zaka 50 amadzaza zonsezo, mtima uli m'malo. Akafika pa funso loti "abwana anga amaunika ntchito yanga mwachilungamo", amakweza maso n'kuona kuti mafomu akusonkhanitsidwa pa desiki ya sekeletale wa abwana omwewo. Amachonga 4. Ndi chida chiti china chimene chimasunga mtendere pantchito chonchi?

Luso lake lalikulu ndi lakuti siibwerako chimanjamanja. Tsamba loyamba limafunsa ngati kaunikidwe ka ntchito n'kachilungamo, lachiwiri ngati bonasi imakusangalatsani, lachitatu ngati mumalimbikira. Woyankha ndi mmodzi, bolopeni imodzi, masana amodzi. Amene wadzuka bwino amachonga 4 paliponse. Amene landilodi wam'gogodera m'mamawa amachonga 2 mpaka tsamba lomaliza. Manambala akalowa mu pulogalamu ya SPSS, kompyuta imalengeza kuti zinthu zitatuzi zimayendera limodzi, wofufuza n'kulemba kuti bonasi ndiyo imabala khama. Mwina khama ndilo linabala bonasi, mwina zonse zinabalidwa ndi landilodi, koma fomu ili ndi mwambo, siilowerera nkhani za eni.

Anzake a fomu ndi ovuta. Ku fakitale ya Hawthorne ya kampani ya Western Electric, pafupi ndi Chicago, ofufuza anakhalako kuyambira 1924 mpaka 1932. Anasintha kuwala kwa magetsi, kenako anapatula atsikana asanu olumikiza zipangizo za telefoni n'kumawasinthira nthawi yopuma ndi yowerukira. Ntchito inakwera, ndipo dziko linaphunzitsidwa kuti munthu amalimbikira akaona kuti wina akumuganizira. Chimene ambiri satchula n'chakuti kalipiridwe ka atsikanawo kanasinthidwanso, ndipo awiri anachotsedwa m'kati mwa kafukufuku n'kulowetsapo ena. Mu 2011 Steven Levitt ndi John List, atafukula manambala akale a magetsi aja, anaonetsa kuti zodabwitsa zimene mabuku ankasimba sizinalimo. Zaka zonsezo anthu akukangana! Fomu yathu siyambitsa mikangano yotere, chifukwa digiri ikangotuluka palibe amaitsegulanso.

Frederick Herzberg anayesa kucheza ndi anthu pamaso. Iye ndi anzake anafunsa mainjiniya ndi ma akauntanti pafupifupi 200 a ku Pittsburgh za nthawi imene ntchito inawakomera ndi imene inawawawa, ndipo buku linatuluka mu 1959. Zokoma anthuwo ankazipeza m'kupambana kwawo, zowawa ankazipeza mwa mabwana ndi malamulo a kampani. Victor Vroom anakumbutsa kuti umu ndi mmene munthu aliyense amasimbira mbiri yake. Chimanga chikachita bwino ndi khasu langa, chikakanika ndi mvula.

Wopanda ulemu kwenikweni ndi Edward Lazear. M'malo mofunsa anthu mmene akumvera, anawerenga magalasi. Kampani ya Safelite, yoika magalasi a galimoto ku America, inasiya kulipira pa ola n'kuyamba kulipira pa galasi lililonse, ndipo Lazear anapeza kuti ntchito ya munthu mmodzi inakwera ndi 44 peresenti. Pafupifupi theka la kukwerako linachokera kwa antchito omwewo. Lotsalalo linabwera chifukwa ochedwa manja ankachoka, achangu n'kumalowa. Fomu sikanavutitsa munthu ndi nkhani ya ochokawo. Imafunsa okhawo amene yawapeza pa mpando, ndipo amene anatopa n'kusiya ntchito saipitsa malikisi a kampani.

Edward Deci naye mu 1971 analipira ophunzira dola imodzi pa kamasewera kolumikiza tizidutswa kalikonse kamene amaliza. Ndalama itasiya, chidwi chawo pa masewerawo chinatsika. Kafunseni pa fomu ngati ndalama ingachepetse chidwi cha munthu, muone ngati ofesi yonse sichonga "ndikutsutsa kwambiri".

Ndisaiwale mkulu wake wa fomu yathu, fomu ya kumapeto kwa chaka imene bwana amaperekerapo malikisi. Ofufuza amakonda kutenga malikisiwo ngati muyeso weniweni wa ntchito, ngakhale Steven Scullen ndi anzake anapeza mu 2000 kuti kusiyana kwa malikisi otere kumafotokoza zambiri za wopereka kuposa za wopatsidwa. Ana a mimba imodzi, khalidwe limodzi.

Inu amene mukulemba kafukufuku chaka chino, musadzizunze n'kupempha mabuku a malipiro, kuwerenga amene anasiya ntchito, kapena kudikira miyezi kuti muone ngati bonasi yasintha kanthu. Zimenezo zimadya thiransipoti, ndipo nthawi zina zimatulutsa yankho limene abwana sanaitanitse. Gawani mafomu Lolemba, katengeni Lachisanu. Ndipo inu odzaza, ngati mutu sukugwira, kabokosi ka pakati kalipo: chongani 3, palibe anaitanidwapo ku ofesi ya abwana chifukwa cha iko.