Zikwangwani Zophuka Pamodzi ndi Maluwa

Chisanu chikayamba kutha ku England, cha m'mwezi wa Malichi, m'misewu ya m'matauni mumaphuka zinthu ziwiri: maluwa achikasu a daffodil ndi zikwangwani za maejenti zolengeza kuti nyumba ili pamalonda. Maluwawo sachedwa kufota. Zikwangwani zina zimafika mpaka pa Khirisimasi zili chiimire, zitapendekeka ndi mphepo. Komabe chaka ndi chaka munthu wofuna kugulitsa nyumba amalangizidwa kuti adikire Malichi, Epulo kapena Meyi, ndipo iye amamvera mosafunsa. Kuona kwanga n'kwakuti nyengoyi imalemeretsa ejenti ndi wogulitsa penti kuposa mwini nyumba.

Tisawanamizire olangizawo, chifukwa ali nacho. Lamulungu lomaliza la Malichi mawotchi amakankhidwa ndi ola limodzi, kunja kumachedwa kuda, ndipo munthu atha kuweruka kuntchito n'kukaona nyumba dzuwa likadalipo. Kapinga amabiriwira, chithunzi chimakongola. Ndiye banja lonse limalowa m'chionetsero. Makoma amapakidwa penti yotuwa kuti pasaoneke chizindikiro choti muno mumakhala anthu. Zidole za ana, nsapato, mbale ya galu ndi galu yemwe zimapakiridwa m'galimoto, bambo n'kumazungulira nazo tauni mpaka alendo atapita. Mayi amatereka khofi ndi kuika buledi mu uvuni, poti kunamveka kuti fungo lake limafewetsa mtima wa wogula. Wojambula wa ejenti amadzipanikiza pakona ndi kamera yake yotambasula zinthu, ndipo kachipinda komwe munthu sangatembenukemo atanyamula sutikesi kamatuluka pa tsamba la pa intaneti lotsatsa nyumba la Rightmove kakuoneka kokwana msonkhano.

Loweruka amafika oonawo. Amafunsa mwaulemu ngati avule nsapato, amayamikira kuwala kwa pabalaza, kenaka amatsegula makabati a eni ake mmodzimmodzi, amagogoda khoma ngati amisiri, amatsegula mpopi kuti aone mphamvu ya madzi. Pakhomo amatsanzika kuti nyumbayi ndi yokongola kwabasi. Akangolowa m'galimoto amayamba kuwerenga ming'alu. Ena mwa iwo alibe ndi ndalama yomwe, angobwera kudzaona mmene anzawo amakhalira. Aneba nawo sagona. Mngelezi sangakuuzeni malipiro ake ngakhale mutamwa naye tiyi zaka makumi awiri, koma mtengo umene nyumba inagulidwa umalembedwa ku HM Land Registry ndipo aliyense atha kuuona pa intaneti. Choncho mayi wa khomo loyandikana, amene amangokupatsani moni wa zanyengo, amadziwa kuti munagula zingati, mukufuna zingati, ndipo waweruza kale kuti mwakweza dala.

Vuto la malangizo odikira nyengoyi ndi masamu ake. Amati ogula amachuluka, ndipo n'zoona. Chimene satchula mokweza n'chakuti ogulitsa onse anamva malangizo omwewo. Aliyense amene anaonapo matimati pa Lizulu nthawi imene alimi onse akolola amadziwa yemwe amalamula mtengo tsiku limenelo. Nyumba imene mu Januwale ikanakhala yokhayokha mumsewu, mu Epulo ili ndi zinzake zinayi, zonse za penti yotuwa, zonse zonunkhira khofi. Wogula wa mu Januwale, amene wabwera mvula ikuwaza ndi mdima wa 4 koloko madzulo, sanabwere kudzacheza. Ejenti yekha ndiye sataya kanthu, chifukwa gawo lake amalandira pa nyumba iliyonse imene wagulitsa, kaya ndi yanu kaya ya neba wanu.

Wina anganene kuti mabanja amafuna kusamuka sukulu zisanatsegulidwe mu Seputembala, kuti mwana akapeze malo pasukulu yabwino ya dera latsopano. Mfundoyi imamveka bwino mpaka utayang'ana kalendala. Ku England mafomu opempha malo ku pulayimale amatsekedwa pa 15 Januwale, a ku sekondale pa 31 Okutobala chaka chapitacho. Kholo limene likuyendera nyumba mu Meyi chifukwa cha sukulu lachedwa kale, ndipo makolo ochenjera anasamuka maluwa asanaganize n'komwe zophuka.

Komanso nyumba ya ku England siigulitsidwa tsiku limene mwagwirizana mtengo. Malinga maloya asanasinthane makontilakiti, aliyense ali ndi ufulu wobwerera m'mbuyo, ndipo pakatipa pamadutsa miyezi. Wogulitsa atha kulandira mtengo wanu ndi manja awiri, mawa n'kutengeka ndi wina amene waonjezerapo. Wogula naye atha kudikira mpaka katundu wanu ali m'makatoni n'kunena, mwaulemu ndithu, kuti waganizanso ndipo achotsako mapaundi masauzande angapo. Pamwamba pa izi pali unyolo: wogula wanu akudikira kugulitsa yake, wogula nyumba ya iyeyo akudikira banki, ndipo banja lina la ku Leicester limene simudzalionapo likayambana, anthu asanu ndi mmodzi amamasula makatoni. Ku Scotland malamulo ndi ena, mgwirizano umamanga msanga, koma a kummwera amakonda kuvutika mwa chizolowezi chawo. Nyumba yoikidwa pamsika dzuwa la Epulo likuwala kawirikawiri makiyi ake amaperekedwa masamba atayamba kuyoyoka.

Chimene chimasunthadi msika sichimera m'dimba. Mu Malichi 2020 Bank of England inatsitsa chiwongoladzanja kufika pa 0.1 peresenti, ndipo mu Julayi chaka chomwecho boma linachotsa kwa kanthawi msonkho wa stamp duty pa mapaundi 500,000 oyamba a mtengo wa nyumba. Anthu anagula nyumba m'chilimwe, m'chisanu, ena atangoziona pa foni. Pofika Ogasiti 2023 chiwongoladzanja chinali pa 5.25 peresenti, ngongole za nyumba zinalemera, ndipo fungo la buledi silinabweze wogula ndi mmodzi yemwe. Otsala amagulitsa pa zifukwa zimene sizidikira nyengo: maliro, kutha kwa banja, ngongole, ntchito yatsopano, mapasa. Chipwirikiti chenicheni cha nyengo yophukira chinaoneka mu Malichi 2025, pamene malire osalipira stamp duty ankatsika kuchoka pa mapaundi 250,000 kufika pa 125,000 kuyambira pa 1 Epulo. Maloya anagwira ntchito mpaka usiku, malole osamutsa katundu anasowa, ndipo anthu aulemu aja ankaimbira foni ejenti katatu pa tsiku, kuyamba ndi kupepesa kuti akumusokoneza, kumaliza ndi kumuopseza.