Ndikakwiya akuti zayambanso

Pa kiyosiki ya madzi ku Ndirande mzere unali wautali, madzi akungodontha. Patsogolo panga panali amayi awiri, wina wachikulire, wina wocheperapo atabereka mwana. Sankanong'ona, ndiye zonse ndinazimva.

"Achemwali, ku banki m'khonde ndakhala ndikusonkha osaphonya," anatero wamwanayo. "Dzulo ndapempha ngongole yoti ndikapikule tomato, akuti tidikire kaye tione m'mene mutu wanu ukuyendera. Nditakweza mawu pang'ono, msungichuma anangoyang'ana anzake, amvekere, zayambanso."

"Mukanangokhala chete inu."

"Chete mpaka liti? Amake a uje aja analalatira gulu lonse chifukwa cha chindapusa, anthu anangoti ndi aukali. Ine ndikakwiya, ndi misala. Ndikaseka kwambiri, ndi misala. Ndikakhala phee, akuti tamuonani, akumva mawu."

Monga ndinatolera m'macheza awo, mayiyu anadwala atangobereka mwana anali kumsanayo. Tulo tinasowa, anayamba kumva mawu a anthu osaoneka. Abale anayamba ndi kwa sing'anga, amene anati wina wamulodza. Apongozi anati waphonya zizimba. Kenaka kumapemphero. Chipatala chinali chomaliza, ndipo a ku Queens ndiwo anamutumiza ku Zomba Mental Hospital. Matendawa madokotala amawadziwa bwino: amagwira mayi mmodzi kapena awiri pa amayi 1,000 obereka, kawirikawiri m'masabata oyambirira, ndipo amachizika. Iye anachira, nabwerera kwawo. Koma m'dera lake anthu anamuiwala dzina, anangosanduka wa ku Zomba uja.

"Nanga mankhwala mukumwabe?" anafunsa wachikulireyo, atatsitsa mawu.

"Ndikumwa. Koma tsiku lokatenga ndimabisa buku la kuchipatala m'chitenje, ndimati ndikupita kusikelo ndi mwana. M'mawa thupi limalemera, manja nthawi zina amanjenjemera. Anthu akaona amati mwaona, sanachire. Chonsecho akundinjenjemeretsa ndi mankhwala omwe akundichizawo."

Apa sananame. Mankhwala akale monga chlorpromazine ndi haloperidol, amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala zathu, amatha kugonetsa, kuumitsa thupi ndi kunjenjemeretsa manja. Achipatala akhoza kusintha mlingo kapena kuwonjezera ena oziziritsa zimenezi, munthu akapita kukanena. Koma wotopa ndi maso a anthu nthawi zambiri sapita kukanena. Amangosiya kumwa mwakachetechete, matenda n'kubwerera, ndipo omwe ankamunena aja ndiwo amayamba kufuula kuti tinanena ife.

Chimene chinandipweteka ine kwambiri si ngongoleyo. N'chakuti mayiyu tamulanda mkwiyo wake. Munthu aliyense akaberedwa, akanamizidwa, akanyozedwa, amakwiya, ndipo ena amamva mkwiyowo n'kufunsa chalakwika n'chiyani. Amene anadwalapo matenda a maganizo sitimufunsa. Chilichonse chotuluka m'kamwa mwake timachitenga ngati chizindikiro cha matenda, motero aliyense wofuna kumudyera masuku pamutu ali ndi chishango: wamisala uyu, musamumvere. Wodwala shuga akadandaula kuti amubera chenji, palibe amene amati ndi shugayo akuyankhula.

"Bambo a mwanayu nawo, tikangosiyana maganizo pa ndalama za ndiwo, funso lawo ndi limodzi: wamwa mankhwala lero?" Anaseka pang'ono, koma misozi inali italengeza. "Kudwala kuja kunali kowawa, achemwali. Koma uku kwa kuchira, anthu osakhulupirira kuti wachira, n'kotopetsa."

Nthawi yawo yotunga inakwana. Wachikulireyo anamusenzetsa ndowa, namukonzera mwana kumsana.

"Lachisanu ndipita nanu kugulu kuja. Ndikawayankhula ndine."

"Ayi, achemwali. Mukangokhala pambali panga. Ndikayankhula ndekha, ndalamazo ndi zanga."