Nanga yankho likakhala ayi?

Odziwa za makompyuta amati pulogalamu ikafika pamphambano imafunsa funso, ndipo yankho lake ndi inde kapena ayi basi. Nambala yachinsinsi ikakhala yolondola, ATM itulutse ndalama. Ikalakwika, munthu ayesenso. Mpaka apa ndikumva. Koma funsolo amalisankha ndani? Si munthu kodi, amene tsiku lina anakhala pansi n'kulemba if ndi else, mawu ouza makina chochita pa inde ndi pa ayi, monga mmene mutu wake unamuuzira?

Za 29 Febuluwale zimandizunguza. Ambirife timangoti tsikuli limabwera pakapita zaka zinayi. Komatu kalendala ya Papa Gregory ya 1582 ili ndi mafunso atatu: kodi chakacho chigawika ndi 4, ndi 100, ndi 400? N'chifukwa chake 2000 inali nalo tsikuli, 1900 inalibe, ndipo 2100 sidzakhala nalo. Nanga wolemba pulogalamu akayamba ndi funso la 4 n'kukhutira ndi inde woyambayo, awiri enawo adzafunsidwa liti? Ndiye kuti funso labwino likaikidwa pamalo olakwika limabala bodza?

Pa 31 Disembala 2008, tizipangizo toimbira nyimbo ta Microsoft totchedwa Zune, ta 30GB, tinauma gwa m'manja mwa eni ake m'mayiko osiyanasiyana. Pofuna kudziwa deti, pulogalamu yake inkatenga masiku onse n'kumachotsapo chaka chimodzichimodzi. Ikafika pa chaka chachitali, chija chokhala ndi 29 Febuluwale, inkafunsa kuti, kodi masiku otsala aposa 366? Tsiku limenelo anali 366 ndendende. Yankho linali ayi, ndipo panalibe mzere wonena chochita yankho likatero. Inangobwerera ku funso lomwelo, kubwerera, kubwereranso. Kampaniyo inauza anthu kuti asiye batire lithe, adzatchaje pa 1 Januwale.

Apa ndiye mtima wanga sukhazikika. Mwana ukamutuma kumsika n'kukapeza zimene sunamuuze, amabwerako kudzafunsa. Makina angafunse yani? Wolemba pulogalamu ya Zune ija sanali waulesi ayi, chaka chachitali anachikumbukira. Chinamupulumuka ndi tsiku limodzi lokha la kumapeto. Kodi amene amayesa mapulogalamu amayamba ndi manambala a m'malire oterewa, kapena apakati osavutawa? Nanga mu pulogalamu yowerengera mlingo wa mankhwala a mwana malinga ndi sikelo yake, amaonanso ndani ngati palembedwa "kuposa" pamene pamafunika "kufika"?