Ndinalankhula ndi dziko lonse m'dzina la munthu wina

Ku Mukobeko, kuno ku Kabwe, munthu akaimika mlongoti padenga, anansi sachedwa kufunsa. Timakhala moyandikana ndi ndende ya akaidi a milandu ikuluikulu, ndipo aliyense kuno amadziwa kuti wailesi yolankhulirapo si choseweretsa. Choncho nditalandira laisensi ya wailesi ya amateur kuchokera ku ZICTA, bungwe loyang'anira mafunde a wailesi m'Zambia muno, ndinaikuta m'pulasitiki n'kuipachika pabalaza kuti wofunsa aliyense azidzionera yekha. Chizindikiro changa cha pamphepo chimayamba ndi 9J2, monga cha anzanga ambiri m'dziko lino. Ndinkadziyesa munthu wosunga malamulo, ndipo n'chifukwa chake zimene ndikufotokoza pano zimandiwawabe mumtima.

Wailesi yanga yoyamba inali yam'manja, ya FM, ya mawati 5. Mafunde a pakati pa 144 ndi 146 MHz amayenda molunjika, safika patali popanda repeater, makina olandira mawu n'kuwaponyanso, oikidwa pamalo okwera. Kabwe ndi malo athyathyathya, ndipo Lusaka ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 140. Madzulo ndinkaima pakhonde n'kuitana, koma chondiyankha chinali phokoso la shii basi. Amene anandiuza za njira ina ndi mdala wina wa ku Bwacha, yemwe anagwira ntchito ya mawaya ndi mawailesi kunjanji mpaka kupuma. Anati masiku ano mawu amasandutsidwa manambala, n'kulowa m'kabokosi kotchedwa hotspot, kamene kamawaponya pa intaneti, ndipo amakatulukira pa wailesi ya munthu wa ku Johannesburg kapena ku London. Anandiuza kuti ndikapite kwawo tikakhale pansi ndisanagule kanthu. Ine sindinapite. Ndinkafuna kukamuonetsa chinthu chogwira kale ntchito.

Mwezi umene ndinalandira chilimba, ndalama zimene timasonkherana pagulu mosinthana, ndinakwera basi ya ku Lusaka. Ndalamazo tinapangana ndi amake mwana kuti zigule feteleza wa kumunda kwa amayi ku Katete. Wogulitsa wina anandionetsa wailesi yokhala ndi galasi lowala manambala, n'kunena kuti ndi ya dijito. Ndinaigula, koma nditafika nayo kunyumba ndinapeza kuti ndi FM yomweyo, yosasiyana ndi imene ndinali nayo kale. Apa m'pamene ndinayamba kuwerenga zimene ndikanawerenga ndisanatulutse ndalama. Njira za dijito zilipo zingapo ndipo sizimvana zokha. D-STAR inayambitsidwa ndi bungwe la a amateur a ku Japan, JARL, ndipo imapezeka makamaka pa mawailesi a Icom. System Fusion ndi ya Yaesu, inabwera mu 2013. DMR inakhazikitsidwa mu 2005 ndi bungwe la ku Ulaya la ETSI, ndipo poyamba inali ya makampani ndi alonda, a amateur anachita kuitengera. Iyi ndiyo yotsikirapo mtengo.

Ndinagulitsa wailesi ija moluza, n'kubwereka ndalama zoonjezera, n'kugula ya DMR yogwiritsidwapo kale ntchito yochokera ku South Africa, pamodzi ndi hotspot: kakompyuta ka Raspberry Pi kokhala ndi kabolodi ka MMDVM pamwamba, koyendetsedwa ndi pulogalamu ya Pi-Star. Amake mwana sindinawauze kanthu.

Zina ndinachita bwino. Ndinatumiza chithunzi cha laisensi yanga ku RadioID, iwo n'kundipatsa nambala yangayanga ya madijiti 7, yoyamba ndi 645, yomwe ndi nambala ya Zambia. Ndinalembetsa pa netiweki ya BrandMeister, n'kulowetsa nambalayo mu hotspot. Ndinamvetsanso mmene DMR imagawira njira imodzi ya 12.5 kHz kwa anthu awiri: zili ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, munsi wa uyu ukamakwera wa mnzake ukutsika, aliyense ndi kanthawi kake ka mamilisekondi 30. Chimene sindinadziwe n'chakuti wailesi nayonso imasunga nambala m'mimba mwake, m'fayilo yotchedwa codeplug, momwe mumakhala matchanelo onse, colour code, ndi mayina a magulu olankhulirana otchedwa talkgroup. Mwini wake wakale anaigulitsa osafufuta kanthu.

Nditalumikiza wailesi ku laputopu ndinaona mizere yambirimbiri. Ndinasankha tchanelo chimodzi cholembedwa 91, talkgroup ya dziko lonse, n'kusintha nambala ya mafunde otumizira kuti ifanane ndi ya hotspot. Bokosi la mafunde olandirira sindinalikhudze. Tchanelocho chinakonzedwera repeater, imene imamva pa mafunde ena n'kuyankha pa ena, pamene hotspot yanga imamva ndi kuyankha pamodzimodzi. Nditadina batani, hotspot inakana kundilandira. Inali pa Private, kutanthauza kuti imalola wailesi yokhayo ya nambala ya mwini wake. Kukanako kunali chenjezo loti nambala ya m'wailesi si yanga. Ine ndinangosintha n'kuika pa Public, kagetsi n'kuyaka, mtima n'kukhala pansi.

Wailesi ya FM ikalakwika imakuuza: umamva kukhosomola kwa mawu, kapena munthu akumveka chapatali. Ya dijito ikalakwika nthawi zambiri imangoti zii. Ndinkati ndikadina n'kuitana, palibe chomveka. Ndinaganiza kuti mawu anga sakutuluka m'nyumba, choncho ndinasiya ngakhale kutchula chizindikiro changa. Ndinkangodina n'kunena "halo, halo", kuuzira mpweya pa maikolofoni, kuimba mluzu, nthawi zina kusiya chala pabatani kwinaku ndikuyankha mwana amene akufunsa za homuweki. Pa tsamba la Pi-Star pafoni panga pankaoneka chizindikiro choyamba ndi ZS, cha ku South Africa, nthawi iliyonse ndikadina. Ndinkasangalala poganiza kuti pali munthu kumeneko amene akuyesa kundiyankha, ndipo ndinkadinanso mobwerezabwereza kuti asataye mtima.

Munali mu 2024, chaka cha chilala, madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuzima maola ambiri patsiku. Ndinkadzuka pakati pa usiku magetsi akabwera n'kupitiriza kuyesa. Tsiku lina anazima kakompyuta kali mkati molemba, kakhadi ka memori n'kuwonongeka, hotspot osayakanso. Apa ndiye ndinagonja, n'kupita ku Bwacha.

Mdala uja anabwera Loweruka pa njinga yake, atanyamula kakhadi kena ndi power bank. Atakonza zonse anati ndidine batani aone. Anayang'ana pafoni, n'kuvula magalasi.

"Mwana wanga, uyu wa ZS mukumuona apayu ndinu."

"Ayi bambo, ameneyo ndi wa ku South Africa, amandiyankha."

"Onani apa palembedwa RF. Ndiye kuti mawuwa alowa kudzera pa mlongoti wa kabokosi kano, m'nyumba muno. Ochokera kunja amalembedwa Net. Mwakhala mukulankhula pa 91 ndi nambala ya mwini wailesiyi."

Anakonza bokosi la mafunde olandirira, ndipo nthawi yomweyo m'balaza munadzaza mawu a anthu a m'mayiko osiyanasiyana akupatsana moni mwaulemu, aliyense akutchula chizindikiro chake n'kusiyira mnzake mpata. Mawondo anga anazizira. Talkgroup imalola munthu mmodzi kulankhula pa nthawi imodzi. Nthawi zonse zimene ndinkaimba mluzu, anthu amenewa ankandimva, ankadikira kuti ndichoke, ndipo pa magalasi a mawailesi awo pankaoneka dzina la munthu wosalakwa.

Mdalayo sanandikalipire. Anati, "Laisensi imene mwapachika pakhomayi imanena chinthu chimodzi chachikulu: polankhula pamphepo, anthu adziwe kuti wolankhula ndani. Mlembereni mwini nambalayi lero lomwe." Tinapeza adiresi yake ya imelo kudzera pa chizindikiro chake, ndipo ndinalemba zonse osabisa. Anayankha kuti anzake anamufunsadi chimene chinkachitika, ndipo iye anasowa choyankha. Anavomera kupepesa kwanga, n'kunena kuti nayenso anayenera kufufuta wailesiyo asanaigulitse.

Kupepesa kovuta kunali kwa m'nyumba. Usiku womwewo ndinawauza amake mwana za chilimba, za wailesi ziwiri, ndi za ngongole. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndalama zimabwera n'kupita, abambo ake. Chandipweteka n'chakuti amayi akudikira feteleza, inu mukudziwa kuti sabwera." Ndinagulitsa wailesi yanga yoyamba ija ndi foni ina, feteleza n'kupita ku Katete mochedwa. Chaka chimenecho amayi anathira kamodzi kokha.

Mdala anandiyambitsanso kuchokera pachiyambi. Tinafufuta codeplug yonse n'kulemba yatsopano ya matchanelo ochepa, nambala yanga ya 645 ili m'malo mwake, hotspot itabwerera pa Private. Anandichenjeza kuti ndisaike hotspot pakati pa 435 ndi 438 MHz, chifukwa pamenepo m'pa masetilaiti a amateur. Anandionetsa 9990, nambala imene ukaiimbira payekha pa BrandMeister imajambula mawu ako n'kukubwezera, kuti udzimve wekha popanda kusokoneza munthu. Mawu anga anabwera odukaduka, ndipo anandiphunzitsa kuyang'ana BER, muyeso wa manambala otayika m'njira, n'kusuntha RXOffset, yoongolera mafunde olandirira a hotspot, pang'onopang'ono mpaka mawu atayera. Anandiuzanso kuti 91 ndi poitanirana chabe: mukapezana ndi munthu, mumasamukira ku talkgroup ina kukachezera kumeneko.

Iye mwini sakhutira kwenikweni ndi wailesi yodalira intaneti. Amati bandulo ikatha kapena netiweki ikagwa, kabokosiko kamafika kuseri kwa nyumba basi. Mtima wake uli pa FreeDV, njira ya mawu a dijito yoyenda pa mafunde aafupi popanda intaneti, yogwiritsa ntchito Codec 2, pulogalamu yosandutsa mawu manambala, imene David Rowe wa ku Australia anapanga n'kuipereka kwaulere kwa aliyense. Akunena zoona, ndipo ndikusunga ndalama pang'onopang'ono, amake mwana akudziwa, kuti tsiku lina ndidzafike kumeneko. Komabe kwa munthu wokhala m'nyumba ya lendi ku Mukobeko, DMR ndi khomo lenileni. Kudzera mwa iyo ndimacheza ndi a amateur a ku South Africa pa 655, ndipo amadabwa kumva 9J2 ikuitana kuchokera ku Kabwe.

Posachedwapa mnyamata wina wa ku Makululu anabwera atamva kuti ndimalankhula ndi anthu akunja, ndalama zili kale m'thumba, akufunsa wailesi yoti agule. Ndinamuuza kuti ndalamazo azisunge kaye. Ayambe wapeza laisensi, kenako nambala yake, afunse njira imene anthu amene akufuna kulankhula nawo amagwiritsa ntchito, ndipo wailesi iliyonse yogula kwa munthu aitsegule aone nambala imene ili mkati asanadine batani. Ndinamufotokozeranso nkhani yonseyi, ya feteleza yomwe, ndipo Loweruka likubwerali tikupita limodzi ku Bwacha.